Khutu la Asilikali: Mbiri Yoonera pa Phiri la Kasungu

Munthu akakwera phiri la Kasungu m'mwezi wa Febuluwale, fodya atakhwima m'minda, amaona dziko litayalidwa ngati mphasa. Kum'mawa kuli njira ya ku Mtunthama yotsikira ku Nkhotakota, kumwera msewu wa M1 ukuthamangira kukaoloka Bua, ndipo kumadzulo kuli nkhalango ya nyama, yakuda bii mpaka kumalire a Zambia. Pakati ponsepo pali zigafa za udzu, mabalani ofuka utsi ndi mizere ya fodya yosaoneka mathero ake. Dziko lathyathyathya chotere silibisa munthu. M'chilimwe fumbi la anthu oyenda chigulu limafika eni ake asadafike, ndipo utsi wa mudzi umene ukupsa umaoneka ndi wokhala pamwamba nthawi yaitali mkuwo usadamveke.

Ntchito imene lero ili ndi nthambi yakeyake m'gulu la asilikali a dziko lino, yosonkhanitsa ndi kusanthula nkhani zokhudza adani, idayambira pamalo ngati amenewa. Idayamba ndi mlonda wa maso akuthwa, mlenje wodziwa mapazi, ndi wamalonda wobwera ndi mbiri ya kumene wachokera. Akale ankati azondi, ife timati akazitape. Mbiri ya dera lino yatiphunzitsa chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuiwala: khutu la asilikali limapulumutsa mtundu likaloza kunja, kumene kukuchokera zoopsa. Khutu lililonse la boma likatembenukira m'nyumba za eni dziko, limasanduka chiswe chodya nsichi za nyumba yomwe lidayenera kuiteteza.

Azondi a Mwase

M'zaka za m'ma 1800, Mwase Kasungu adali pakati pa moto. Kumpoto kudali Angoni a M'mbelwa, kumwera chakumadzulo kudadzakhazikika Angoni a Mpezeni, ndipo kunyanja kudali Jumbe wa ku Nkhotakota ndi malonda ake a minyanga ndi akapolo. Mafumu ambiri a Achewa adabalalika kapena kugonja, koma Mwase adakhalabe chilili. Anthu ake adamanga malinga, adapeza mfuti pogulitsa minyanga, ndipo adadziwa nthawi yomenyana ndi nthawi yopalana ubwenzi. David Livingstone atadutsa kuno mu 1863 adapeza mfumu yokhala pamphambano ya njira zamalonda zochokera kunyanja kupita ku Luangwa.

Linga palokha silipulumutsa ngati nkhondo yakupezani muli kumunda. Angoni ankakonda kugwera mudzi m'bandakucha, atatumiza kale azondi awo kudzaona pamene pali chipata, pamene pali khola, ndi kumene amayi amatunga madzi. Wofuna kupulumuka ankayenera kumva msanga kuposa mdani. Nkhanga zidapangana kusadapse. Mlenje akaona mapazi achilendo padambo la Dwangwa, sankadikira kuti kuche. Ankathamangira kubwalo, ng'oma n'kulira, ng'ombe ndi ana n'kulowa m'linga. Mzondi wa nthawi imeneyo adali mwana wa mudzi womwewo. Zimene ankamva zinkapulumutsa amake ndi alongo ake, n'chifukwa chake palibe amene ankamuopa.

Mu Disembala 1895 zinthu zidatembenuka. Asilikali a Angerezi, motsogozedwa ndi Alfred Swann ndi Edward Alston, adakwera kuchokera ku Nkhotakota kudzathira nkhondo Mwase, amene adasunga Saidi Mwazungu, munthu yemwe azunguwo ankamusaka. Sadabwere okha. Adali ndi khamu la anthu a ku Nkhotakota, anthu omwe kwa zaka zambiri ankayenda njira yomweyo pamalonda ndipo ankadziwa chipata chilichonse. Linga lidagwa, Mwase adadzipha yekha posafuna kugwidwa, ndipo Angerezi adamanga linga lawo lotchedwa Fort Alston. Mfuti zawo zidali zamphamvu, inde, komanso adali atagula maso ndi makutu a anthu odziwa dziko.

Keyala ndi makutu a atsamunda

Mu 1902 Angerezi adaphatikiza magulu awo a asilikali akuda kukhala King's African Rifles, imene makolo athu adaitcha Keyala. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, nyanja yathu idaonetsa poyera mtengo wa kumva msanga. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Gwendolen idafika padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda poikonza. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo adali asadamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Uthenga umodzi wa pa lamya, wofika mbali imodzi n'kuchedwa mbali ina, udapatsa Angerezi nyanja yonse.

M'nkhondo imeneyo amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adatengedwa pa mtengatenga, ndipo ambiri adafera m'njira. Enanso adatumidwa kutsogolo kukazonda, chifukwa mzungu sakadatha kulowa m'mudzi osadziwika. Luso lomwelo lotsata mapazi ndi kuwerenga tchire lidapita ndi Keyala ku Moyale mu 1940, ku Burma mu 1944, ndi ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Wosonkhanitsa nkhani adali wakuda, koma wozisanthula ndi wolamula adali mzungu, ndipo cholinga chidali kuteteza ufumu wa Britain.

Pomvera mdani wa kunja khutu la atsamunda linkagwira bwino. Pomvera eni dziko linkamva zimene mantha ake ankafuna. Pa 25 Januwale 1959 atsogoleri a Nyasaland African Congress adachita msonkhano patchire pafupi ndi Blantyre, Dr Kamuzu Banda palibe. Akazitape a polisi ya Special Branch adabweretsa mphekesera yakuti pakonzedwa chiwembu chopha azungu ndi Amwenye. Pa 3 Malichi Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Dr Banda adatengedwa kupita kundende ya Gwelo, anthu oposa 1,000 adamangidwa, ndipo 51 adaphedwa, mwa iwo osachepera 20 ku Nkhata Bay tsiku limodzi. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin lidapeza kuti zachiwawa zidakambidwadi, koma chiwembu chakupha chimene boma linkanena panalibe umboni wake, ndipo lidati Nyasaland idali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Kazitape wolipidwa amaphunzira msanga nkhani imene bwana amakonda kumva, ndipo mtengo wa bodza lakelo amalipira ndi anthu osalakwa.

Makutu ambiri a Ngwazi

Pa 6 Julayi 1964 bataliyoni yoyamba ya Keyala idasanduka Malawi Rifles, koma utsogoleri wake udakhalabe m'manja mwa azungu mpaka 1972, pamene Graciano Matewere adakhala Mmalawi woyamba kulamulira asilikali. Pasadathe miyezi itatu chilandirire ufulu, nduna zidasemphana ndi Kamuzu. Mu Febuluwale 1965 Henry Chipembere adaukira kuchokera ku Fort Johnston n'kukalephera pa doko la Liwonde. Mu Okutobala 1967 Yatuta Chisiza adalowa ndi anzake kudzera ku Mwanza, ndipo adaphedwa pomenyana ndi asilikali. Kuyambira pamenepo, m'maganizo a boma mdani wamkulu adali Mmalawi mnzathu, wotchedwa chigawenga.

Kamuzu sadafune kudalira khutu limodzi. Adali ndi Special Branch ya apolisi. Adali ndi Apayoniya, gulu lomwe lidayamba mu 1963 ndi thandizo la alangizi a ku Israel, lophunzitsa achinyamata ulimi ndi mwambo, koma lomwe lidadzakhala ndi mfuti zake, akazitape ake ndi mphamvu zoposa za wapolisi. Adali ndi chipani, ayufi ndi mbumba, ofika mpaka pamtondo ndi pachitsime. Asilikali adali ndi nthambi yawo yoona za adani, koma ntchito yosaka nzika idapatsidwa kwa enawo. Magulu amenewa ankazondananso okhaokha. Focus Gwede, mkulu wa Special Branch amene adatsekera anthu ambiri ku Mikuyu, nayenso adamangidwa mu 1976 pamodzi ndi Albert Muwalo, yemwe adanyongedwa chaka chotsatira.

Kasungu kudali kwawo kwa Ngwazi. Kuno adamanga nyumba ya Nguru ya Nawambe, kuno adatsekula Kamuzu Academy mu 1981, ndipo kuno maesiteti a General Farming ndi Press Farming adatambalala m'zaka za m'ma 1970, pamene lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale ndi wa fuluu. Matenanti adabwera pa malole kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi madera ena, anthu osadziwana, okhala pamalo a mwini, odya chimanga cha ngongole. Malo otere mantha amamera bwino kuposa fodya.

Amene tidakulira pafupi ndi zigafa tikukumbukira madzulo a nthawi yosoka fodya. Anthu amakhala mozungulira mulu wa masamba, manja akuda ndi phula, nyali ya koloboyi ikuthwanima pamtanda, nkhani zikuyenda. Wina akayamba kudandaula za mtengo umene bwana wagulira fodya, kapena za kadi yachipani imene wakakamizidwa kugulira mwana wa kumsana, mayi wachikulire amangotsokomola n'kunena kuti, "Mvula ya chaka chino yagwa bwino, ana inu." Nkhani imathera pompo. Palibe amene ankadziwa ngati kapitawo, wogulitsa usipa wodutsa, kapena mlamu wako weniweni ndiye amanyamula mawu. Wailesi ya kunja inkamveredwa m'bulangete. Mwambi wakuti wakutsina khutu ndi mnansi udasintha tanthauzo: kutsina khutu kudasanduka kuchenjezana za mnansi mnzako.

Kukhala wa kwawo kwa mtsogoleri sikudateteze munthu. Aaron Gadama, mwana wa Kasungu ndiponso nduna ya chigawo chapakati, adagwidwa ku Zomba mu Meyi 1983 pamodzi ndi Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Mitembo yawo idapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo boma lidati ndi ngozi ya galimoto. Bungwe la woweruza Harry Mtegha, lokhazikitsidwa mu 1994, lidapeza kuti adaphedwa ndi apolisi, ngakhale khoti mu 1995 lidamasula Dr Banda ndi John Tembo pa mlanduwo. Dzanja lomwelo linkaopedwa ndi kunja komwe: Attati Mpakati adaphedwa ku Harare mu 1983, ndipo mtolankhani Mkwapatira Mhango adatenthedwa m'nyumba ndi banja lake ku Lusaka mu 1989.

Ku Nacala ndi tsiku la Bwezani

Pamene makutu enawo adali kalikiliki m'midzi, zoopsa zenizeni zidakula kutsidya kwa malire. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, zimene fodya wa ku Kasungu ankadutsamo popita kunyanja yamchere ndiponso feteleza polowa. Katundu adayamba kuzungulira ulendo wautali wa ku Durban, ndipo othawa nkhondo okwana pafupifupi miliyoni imodzi adalowa m'dziko lino. Mu Seputembala 1986 Samora Machel adabwera ku Blantyre ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzadzudzula Malawi kuti ikusunga Renamo. Zotsatira zake, kuyambira 1987 asilikali athu adatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala.

Kumeneko ndi kumene ntchito yozonda ya asilikali idayesedwa pamoto. Sitima isadanyamuke pankafunika kudziwa mlatho umene waphwanyidwa, pamene pakwiriridwa mabomba, mudzi umene wasamuka usiku ndi chifukwa chake. Kulakwitsa kamodzi kunkabwera ndi maliro kumabalaki a Cobbe, Kamuzu kapena Moyale. Asilikali ambiri adabwerako ndi chikhulupiriro chakuti pamene iwo ankafa ndi zipolopolo za Renamo, Apayoniya adali paubwenzi ndi Renamo yomweyo. Chilonda chimenechi chidakhala chikutukusira.

Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 idatsekula pakamwa pa anthu, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha matipate. Koma Apayoniya adali akadali ndi zida. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, Apayoniya adaombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu. Pa 3 Disembala asilikali adatuluka. Adagwera Youth House ndi likulu la chipani ku Lilongwe, kenako malo a Apayoniya m'zigawo zonse, pa ntchito imene idatchedwa Bwezani. Anthu oposa 20 adafa, ndipo Apayoniya pafupifupi 2,000 adathawira ku Mozambique. Gulu limene linkaopedwa kwa zaka 30 lidaphwasuka m'masiku owerengeka, ndipo liwiro lotere limatheka ndi anthu okhawo amene akhala akuyang'ana mwakachetechete kumene kuli nkhokwe za zida. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachikulu koposa ndi chimene asilikali sadachite. Kamuzu adali akuchira atachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg, dziko likuyendetsedwa ndi khonsolo ya anthu atatu motsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba. Mpando udali pambalambanda. M'maiko ambiri a mu Africa, tsiku lotere msilikali amalankhula pa wailesi m'mawa kuti watenga boma. Athu adalanda zida n'kubwerera kumabalaki, ndipo pa 17 Meyi 1994 anthu adavota.

Ntchito yake lero

Malamulo aakulu a dziko a 1994 adaika asilikali pansi pa ulamuliro wa anthu osankhidwa, ndipo adakhazikitsa komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Lamulo la 2004 lidakhazikitsa dzina la Malawi Defence Force. Ukazitape wa boma wosakhudza usilikali uli ndi bungwe lake, National Intelligence Service, lomwe tsopano lili ndi lamulo loliyendetsa. Kugawa ntchito kotereku kudagulidwa ndi misozi, ndipo n'koyenera kukusamala.

Ntchito ya nthambi ya asilikali ili ndi magawo omveka. Mkulu wa asilikali amafunsa funso: kodi kutsidya kuli ndani, ali angati, ali ndi zida zotani, akufuna chiyani? Ofufuza amasonkhanitsa mayankho kuchokera kwa olondera malire, m'mapu ndi zithunzi za mumlengalenga, m'mauthenga a pa wailesi, kwa nthumwi za usilikali zokhala ku maofesi a akazembe, ndi kwa asilikali a maiko oyandikana nawo. Kenako amapeta, chifukwa nkhani yomva kwa munthu mmodzi ndi mankhusu mpaka itatsimikizika ndi wina. Chotsala m'lichero ndicho chimapita kwa wolamula, chikhale chokoma kapena chowawa, ndipo chiyenera kufika nthawi isadathe. Gawo lina ndi lotchinga nyumba: kuteteza zinsinsi, nkhokwe za zida ndi makompyuta a asilikali kwa azondi a ena.

Mtengo wa ntchitoyi umaoneka ku Congo, kumene asilikali athu adayamba kutumikira mu 2013 m'gulu lapadera la United Nations pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018, m'nkhalango ya kufupi ndi Beni, Amalawi osachepera 6 adaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, adaomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, ndipo mu Meyi 2019 adalemekezedwa ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. M'nkhalango yotere mdani saoneka, ndipo chishango chenicheni cha msilikali ndi kudziwiratu za njira imene akuponda.

Kuno kwathu zoopsa zasintha nkhope. Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, kwakhala zigawenga kuyambira 2017. Msewu wa M1 wodutsa pa boma la Kasungu ndi njira ya ozembetsa anthu ochokera ku Ethiopia kupita ku South Africa, ndipo mu Okutobala 2022 manda a anthu ambirimbiri otere adapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. M'nkhalango ya Kasungu, njovu zimene zidali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970 zidatsika kufika pafupifupi 50 mu 2015 chifukwa cha opha nyama mozemba, zisadabwezeretsedwe ndi zina 263 zochokera ku Liwonde mu 2022. Njira zachidule zimene mabelo a fodya amazembera ku Zambia pothawa okushoni ya Chinkhoma zingathenso kudutsitsa mfuti. Zonsezi ndi zifukwa zokwanira kuti khutu likhale tcheru kumalire.

Mayeso ena amabwera kuchokera mkati, ndipo ndi ovuta kuposa. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, ena adafuna kulambalala wachiwiri wake, koma General Henry Odillo adaima ndi malamulo ndipo wachiwiriyo, Joyce Banda, adalumbira pa 7 Epulo. Mu 2019 ndi 2020, General Vincent Nundwe adatumiza asilikali kukateteza anthu ochita zionetsero, ndipo adachotsedwa pa udindo mu Malichi 2020 asadabwezeretsedwe ndi boma lotsatira. Gulu la asilikali limene akazitape ake adazolowera kulemba maina a otsutsa boma silingathe kuima chotere, chifukwa limakhala litasankha kale mbali.

N'chifukwa chake malire a ntchito imeneyi ayenera kutetezedwa ngati malire a dziko. Lero safunikanso kapitawo wonyamula mawu. Foni ya m'thumba imasunga zonse zimene munthu wanena ndi kumene wapita. Aphungu a komiti ya chitetezo azifunsa mafunso molimba mtima, makhoti azikhala ndi mawu munthu asadamveredwe mobisa, ndipo wolamula aliyense wofuna kubwereka khutu la asilikali pa ndale za chipani azikanidwa. Chinsinsi n'chofunika pa ntchitoyi, koma chinsinsi chosayang'aniridwa ndi aliyense tidachiona kale ku Thambani.

Mlimi wa kwa Chulu amene munda wake wayang'anizana ndi nkhalango ndiye woyamba kuona mapazi achilendo m'mawa. Mayi wogulitsa zitumbuwa pamsewu wa M1 ndiye amadziwa lole imene imaima usiku popanda chifukwa. Anthu amenewa ndi olowa m'malo a alenje a Mwase, ndipo palibe kamera kapena kompyuta imene ingawapose. Koma amalankhula pokhapokha ngati akukhulupirira kuti womva mawu awo ndi mnansi, ndi kuti mawuwo sadzabwerera usiku kudzagogoda pakhomo pa mbale wawo. M'zigafa za Kasungu lero anthu amasoka fodya akutsutsana mokweza za mitengo ya okushoni, za feteleza ndi za mtsogoleri wa dziko, ndipo palibe mayi wachikulire wotsokomola kuti nkhani isinthe. Msilikali woyang'ana kumalire akamva phokoso limenelo kumbuyo kwake, adziwe kuti ndilo limene adalumbira kuliteteza.